Bongololo Wadzolera Mafuta Pagulu

Pa wailesi ya kanema imene Mzime ankagwira ntchito, anthu ankathothoka ngati tsitsi la munthu amene wayamba dazi. Anayamba wa zamasewero, kenako wa zanyengo, kenako wolemba mawu aja amayenda pansi pa sikirini, amene kumeneko ankangowatcha bongololo chifukwa cha kakwawidwe kake. Mwezi watha kunachoka Wigi, mkazi amene ankawerenga nkhani zamadzulo pambali pa Tayi. Anapita ku wailesi yaikulu ya kutali, kumene akuti ngakhale wosesa ali ndi yunifolomu. Anzake analira pomutsanzika. Mzime, tisanamizane, tsiku limenelo anadya mpaka kunyambita zala.

Koma Wigi anachoka ndi nambala ya Tayi, ndipo sankaisunga ngati chokongoletsa.

Tayi ndiye anali wowerenga nkhani yekhayo wotsala. Dzinalo analitengera ku kavalidwe kake: kumtunda jekete ndi tayi, pansi pa tebulo kabudula ndi masilipasi, poti fani ya mu situdiyo inafa kalekale. Mzime ndiye ankamuyendetsera galasi, lija limakhala pamaso pa kamera, mmene mumadutsa mawu oti munthu aziwerenga uku akuoneka ngati akuyang'ana inu muli kunyumba kwanu. Chikondi chawo chinamera pagalasi pomwepo. Madzulo aliwonse, nyimbo yotsegulira nkhani isanathe, Mzime ankalembapo kamzere koti aone Tayi yekha. "Wadya?" Kapena, "Tayi yapendama, bwana." Tayi akaona ankagwira mfundo ya tayi yake, ndipo kumeneko kunali kuyankha.

Tsiku lina masana awiriwa anakumana pa masitepe a kuseri, pamene ankabisala osuta fodya kale kukadali anthu.

"Wandiyimbiranso," anatero Tayi akutembenuza foni m'manja.

"Ndani?" Mzime anafunsa ngati sakudziwa.

"Wigi. Akuti mpando ulipo, koma abwana ake sadikira kupyola mawa."

"Ndiye ukudikira chiyani? Pita."

"Mzime."

"Ndati pita. Aliyense amene ali ndi miyendo wathawa. Iwenso miyendo uli nayo, kungoti oonera sanaione."

Tayi sanaseke. "Chaka chonsechi ndakhala ndikukupempha kuti ndikaonekere kwa bambo ako. Iwe yankho lako ndi limodzi, dikira kaye. Ndadikira mpaka mpando wa pambali panga wazizira. Tandiuza, ndikhalire ndani kuno?"

Mzime anayang'ana zikhadabo zake. Bambo ake anali ometa anthu, a shopu ija ya pakona, ndipo za anyamata a pa kanema sankafuna n'kumva komwe. Ankati munthu amene umangomuona kuyambira m'chiuno kupita kumwamba ndi munthu wa theka, ndipo theka linalo limakhala kwa akazi ena. Ankanena zimenezi lumo lili m'manja, makasitomala n'kumaseka, Mzime n'kumaseka nawo ngati sizikumukhudza. Manyazi ake anali pamenepo, kuti chaka chathunthu anakhala akuseka nawo.

"Sindikukukakamiza," anatero Tayi atafewetsa mawu. "Pakamwa pamakulemera, ndikudziwa. Undilembere pagalasi madzulo ano, ngati masiku onse. Ndikaona kuti ukundifuna, ndikhala, ngakhale wailesiyi itatsala ndi babu limodzi. Ndikapeza galasi lili mbee, nditsanzika oonera pomaliza nkhani."

"Ukundiopseza?"

"Ndikukufunsa."

Anakwera masitepe masilipasi akulira phwa phwa, n'kumusiya yekha.

* * *

Uthenga wa Wigi unafika Mzime atakhala kale m'kachipinda kake, kaja kali ndi zenera loyang'ana mu situdiyo.

"Mng'ono wanga, kuli bwanji kumeneko, magetsi akadalipo? Ndimati ndikupemphe ngati mkazi mnzako, usamutsekereze mwana wa eni ake. Mwamuna amene iwe ukumubisa kwa bambo ako, ena akhoza kuyenda naye dzuwa likuswa mtengo."

Mzime anaubwereza kuwerenga. Chimene chinamuwawa si chipongwe cha magetsicho ayi, koma kuti mfitiyo inanena zoona. Anatseka mawu a foni monga mwa lamulo la m'chipindamo, n'kuiponya m'chikwama.

Tsono apa mundimvetse bwino. Chichokereni wolemba bongololo uja, abwana sanalembe wina. Anangotenga ntchitoyo n'kumusenzetsa Mzime, pa kompyuta imodzi yomweyo, mabokosi awiri oyera oyandikana ngati mapasa, lakumanzere la galasi, lakumanja la bongololo. Kanema woonetsa zimene zikupita kwa anthu anapsa sabata yatha, abwana n'kunena kuti adzakonzetsa zinthu zikadzayenda. Iwowo madzulo amenewo anali kunja, kukagwadira amalonda kuti asawathawe. Mu situdiyo munali Tayi ndi mdala wa kamera basi, amene diso lake silichoka pa kamerayo ngakhale denga litagwa.

Nyimbo yotsegulira inayamba. Mzime anaika maso pa Tayi kudzera pazenera, zala zikuthamanga zokha. Analemba kuti:

"Tayi wanga usapite. Ndinanama, sindingathe popanda iwe. Bambo usawaope, amangouwa saluma. Ndine wako."

Anadina, nyimbo n'kutha, iye n'kuyamba kuyendetsa nkhani yoyamba.

Anadikira kuti dzanja lija likwere pa tayi. Silinakwere. Tayi anayang'ana kamera kanthawi nkhope ili gwa, kenako anapereka moni n'kuyamba nkhani ya ngalande zotsekeka za kumsika. Inatha ya ngalande, inabwera ya minibasi yogwera m'dzenje, inabwera ya agalu olusa, dzanja lili phee pa tebulo. Nkhope ya Mzime inayamba kutentha. Iye wadzikhuthula yense, munthu osagwira n'komwe tayi? Anayendetsa galasi ndi chala chimodzi, misozi akuibweza ndi mano.

Pomaliza, Tayi anasonkhanitsa mapepala ake n'kuwagunditsa pa tebulo.

"Oonera athu, musanapite. Lero ndi tsiku langa lomaliza pa wailesi ino. Ndinkayembekezera kuti mwina pali chondisunga kuno, koma ndaona kuti palibe. Tsalani bwino."

Mzime anangokhala, manja ali pamiyendo. Sanamve n'komwe mapazi akuthamanga m'khonde. Anadzidzimuka chitseko chitagunda khoma, abwana atalowa thukuta lili kamukamu, foni ili m'mwamba.

"Chotsa bongololo! Iwe, chotsa bongololo!"

Mzime anayang'ana bokosi lakumanja. Mawu ake anali mmenemo, onse, ndi "saluma" yemwe. Bongololo satopa, ukamupatsa mzere umodzi amaubwereza mpaka utamuletsa. Kuyambira pa ngalande mpaka pa kutsanzika, mawu aja ankakwawa pansi pa chifuwa cha Tayi m'nyumba iliyonse imene munali kanema woyaka. Munthu yekhayo amene sanawaone anali Tayi, amene Mzime anamulembera.

* * *

Tayi analowa akumasula tayi, osamuyang'ana Mzime. Abwana anangomupatsa foni. Wina anali atajambula kale kanema wa kunyumba kwake n'kutumiza m'magulu, ndipo Tayi anadzionera yekha akunena kuti palibe chomusunga, uku pansi pake pakudutsa "Ndine wako."

"Mzime." Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Galasi linali mbee. Ndikulumbira, sindinaone kanthu."

"Ndikudziwa."

"Ndikanaona, ine sindikana..."

"Ndati ndikudziwa. Ndisiye ndidutse."

Abwana anadzigwetsa pa mpando, foni ikulirabe m'manja mwa Tayi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti palibe amationera," anatero akupukuta khosi. "Lero ndadziwa kuti alipo, ndipo onse ali ndi nambala yanga. Ameneyo akuyimbayo ndi mwini wailesi. Ndimuuze kuti chiyani, ana inu?"

Mzime anatola chikwama n'kutuluka. Anayenda wapansi poopa maso a mu minibasi, koma msewu nawo uli ndi maso. Mayi wogulitsa mayunitsi anamuona n'kugwira pakamwa. Pa siteji ya njinga zamoto wina anauwa chapansipansi, hu, hu, anzake n'kufa nako kuseka.

Pamenepo ndi pamene anakumbukira chimene chinali choipa kuposa kukanidwa. Kanema wa mu shopu ya bambo ake sankasinthidwa tchanelo, ngakhale kukhale mpira. Ndipo chiyambireni Mzime kulemba bongololo, kasitomala aliyense ankalozeredwa ndi chipeso: "Mawu akuyendawo mukuwaona? Amalemba ndi mwana wanga, mzime wanga."

* * *

Shopu inali yotsegula koma munalibe kasitomala. Kanema anali atamuphimba ndi nsalu ija amafunditsa anthu pometa. Bambo ake ankasesa pang'onopang'ono malo osesa kale, ndipo amayi ake anaima pakhomo la kuseri lolowera kunyumba, atagwira tsaya.

Mzime anagwada pafupi ndi mpando wometera. "Bambo."

Tsache linapitiriza ntchito yake.

"Bambo, ndalakwa."

"Munali modzaza muno," anatero bambo ake osakweza mawu. "Ndimameta aphunzitsi aja anakuphunzitsa kuwerenga. Maso anga ukuwadziwa, zilembo zoyenda zimandithawa. Ndiye ndinawauza ndekha, ndi pakamwa pangapa, kuti tawerengani mokweza aphunzitsi, timve zimene walemba mwana wanga lero. Anawerenga mpaka pakati n'kusiya. Wina wa pabenchi anamalizitsa."

Mzime anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Manyazi otere anali asanawamvepo chibadwire. Akanamumenya ndi tsachelo akanathokoza.

"Ndimauwa ine?"

"Ayi, bambo."

"Ndikamakufunsa kumene wachedwa, kumeneko ndiye kuuwa? Ndikamati chenjera ndi anthu a pa kanema, iwe umamva hu, hu?"

"Ndimafuna kuti asakuopeni basi. Ndinalakwitsa bokosi, bambo. Mawuwo sanali oti aone anthu."

"Oho. Ndiye ukanalemba m'bokosi loyenera, ndikanakhala galu wa anthu awiri okha."

Misozi imene Mzime anaibweza kuntchito inapeza njira.

"Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu," anatero amayi ake ali pakhomo pomwepo. "Wakoyu wadzola thupi lonse, anthu akuonera, mpaka kumsana. Chaka chonse uli ndi munthu, ine mayi ako osandinong'oneza? Ndikamve kwa bongololo? Ndipo mwamunayo n'kukukana pomwepo, maso ali gwa."

"Sanandikane, amayi. Sanaone."

"Anthu aona kuti wakukana. Pita ukagogode khomo ndi khomo uziwauza kuti sanaone."

Bambo ake anatsamiritsa tsache kukhoma n'kuyamba kupukuta malumo amene anali oyera kale. "Dzuka pamenepo, maondo apweteka. Kadye."

Kusakalipa kwawoko kunamupweteka kuposa mbama.

* * *

Kutacha anapeza mauthenga a Tayi atadzaza foni.

"Undiyankhe chonde."

"Kwa Wigi sindikupitanso. Ndimuuza lero."

"Mawu aja ndawawerenga mpaka ndawaloweza. Kupatula a bambo aja, onse ndawasunga."

Mzime anayankha umodzi wokha. "Usabwere kuno. Ndikukupempha."

Pansi pake panali wa Wigi, wofatsa ngati wa munthu wopepesa maliro. "Pepa mng'ono wanga, kuno tonse taonera. Anzanga akuti ulembe buku. Apatse moni bambo, uwauze kuti ife timawalemekeza."

Kuntchito sakanapita, ndipo m'nyumba amayi ake ankangousa moyo akamudutsa. Choncho anakakhala pakona ya shopu akupinda matawulo. Madala a pabenchi anabwera molawirira kuposa masiku onse, ena a iwo mitu yometa dzana lomweli. Ankakamba za mitengo ya zinthu ndi za mvula, koma maso onse ankabwerera pa kanema wophimbidwa uja.

Kenako benchi lonse linatembenuza makosi. Pakhomo panaima Tayi, atavala buluku lalitali ndi nsapato zopolisha, tayi ili pakhosi ngakhale kunja kunkatentha. Tawulo linagwa m'manja mwa Mzime.

"Odi, bambo. Ndabwera kudzameta."

Bambo a Mzime anamuyang'ana kuyambira kumutu, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kumapazi. "Kani miyendo muli nayo."

Wina pabenchi anatsokomola pobisa kuseka. Tayi anaika foni yake pa shelefu ya pansi pa kalilole n'kukhala pa mpando. Bambo ake anayang'ana uku ndi uku kufuna nsalu, kenako anakaivundukula pa kanema paja, n'kumufunditsa mlendoyo mpaka manja onse kubisika. Anamanga pakhosi mothinitsa pang'ono kuposa mmene amamangira ena.

"Lankhulani, ndikumva," anatero akuyatsa mashini.

"Bambo, mwana wanu ndimamukonda." Mawu amene ankawerenga nkhani za ngozi osagwedera, lero ankanjenjemera. "Mawu adzulo aja ine sindinawaone. Amene timakhala kutsogolo kwa kamera sitiona zoyenda pansi. Ndinatsanzika chifukwa ndimaganiza kuti sakundifuna. Ndabwera kudzapepesa chifukwa cha manyazi amene agwa pakhomo pano, ndiponso kudzapempha kuti mundilole ndibwere ndi akwathu."

Mashini anazima. Bambo ake anatenga lumo, n'kupendeketsa mutu wa Tayi ndi chala chimodzi.

"Mwana wanga akuti sindiluma. Musagwedezeke."

Palibe anaseka. Lumo linayenda kuseri kwa khutu mofatsa.

"Mwana wanga anakupemphani pamaso pa anthu onse, inu munamukana pamaso pa anthu onse. Kaya munaona kaya simunaone, zimenezo mukudziwa ndinu ndi Mulungu wanu. Tsono mukufuna mukonze zimenezo muno, pamaso pa madala opanda mano awa? Ayi. Chimene chinaonongekera pa kanema chikonzedwere pa kanema. Mukamuyankhe pomwepo, nkhope yanu ikuoneka, ine ndikuonera muno ndi anthu omwewa, aphunzitsinso ndiwaitana. Mukatero bwerani ndi akwanu, mudzapeza mipando. Musanatero, pakhomo pano mwaponda komaliza lero."

"Madzulo ano omwe, bambo," anayankha Tayi msangamsanga. "Ndikawapempha abwana andibwezere pa mpando, ndikanena nkhani zisanayambe."

Mzime anapuma koyamba chiyambire dzulo. Maso awo anakumana m'kalilole, ndipo pansi pa nsalu paja panatukuka, dzanja likukwera kufunafuna mfundo ya tayi.

Pomwepo mafoni awiri analira limodzi, ya Mzime m'thumba ndi ya Tayi pa shelefu.

"Tandionera, manja amangidwa," anatero Tayi.

Mzime anatenga foni ya pa shelefuyo. Unali uthenga wa abwana wopita kwa antchito onse. Anawerenga chamumtima.

"Werenga mokweza," anatero bambo ake. "Muno tazolowera."

Anawerenga. "Antchito nonse, mwini wailesi wagamula kuti nkhani zamadzulo zathetsedwa kuyambira lero. Akuti wowerenga watsanzika yekha, ndipo zadzulo zamuchititsa manyazi. Tiziulutsa nyimbo ndi malonda basi. Kamera ya mu situdiyo akubwera kudzaitenga masana ano."

Pansi pa uthengawo panali wina wa Wigi, umene unafika m'mawa Tayi osautsegula. Umenewo Mzime sanauwerenge mokweza. "Mpando ukukudikira, wokondedwa. Nyumba ndakupezera kale, khomo lake loyang'anana ndi langa."

"Bambo," anayamba Tayi, "mwamva nokha. Kamera kulibenso. Mwina mungandilole kuti..."

"Ine ndanena kamodzi, anthu awa ndi mboni. Ndikabweza mawu adzati ndimangouwa." Bambo ake anaika lumo pansi, n'kutenga rimoti imene inali itachita fumbi kuseri kwa botolo la sipiliti. "Ndati pa kanema. Sindinatchule tchanelo."

Anayatsa, n'kudina batani limene anali asanalidinepo. Pa sikirini panabwera situdiyo yowala, ya maluwa pa tebulo. Wigi anali pamenepo, atavala wigi yatsopano yofika m'mapewa, akumwetulira mano onse panja. Pambali pake panali mpando wopanda munthu.

Madala a pabenchi anayang'ana mpandowo, anayang'ana Tayi, kenako onse anatembenukira kwa Mzime.

"Mzime," anatero Tayi m'kalilole muja. "Nditani?"

Mzime anayang'ana bambo ake, amene anamulera ndi lumo lomweli, iye n'kuwasandutsa galu pamaso pa makasitomala awo. Anayang'ananso foni imene inali m'manja mwake, uthenga wa khomo loyang'anana ukadali poyera. Anaizimitsa, anatukula m'mphepete mwa nsalu, n'kuilowetsa m'thumba la jekete ya Tayi.

"Pita," anatero.

Dzulo pa masitepe ananena mawu omwewa akunama. Lero anawanena akudziwa kuti njira ina palibe.

"Weramani," anatero bambo ake akutenganso lumo. "Sindinamalize."